Ndinaperekeza amayi ku London pa Cloud Nine

Tikiti ya ndege ya business class ndi yodula kwambiri, nthawi zambiri imaposa ya economy kangapo, ndipo kwa ine ndekha sindikanaiganizira n'komwe. Koma amayi anga apitirira zaka 70, mawondo amawavuta, ndipo akakhala malo amodzi nthawi yaitali mapazi amatupa mpaka nsapato kukana. Mchemwali wanga wa ku Leeds, mzinda wa ku England, atabereka mwana wake woyamba, tinagwirizana pabanja kuti agogo akaone mdzukulu popanda kuzunzika m'njira. Tinasonkherana tikiti yawo, ine ndikukweza yanga ndi mapointi a ShebaMiles, amene Ethiopian Airlines imapatsa okwera ndege zake, omwe ndinasunga pa maulendo a kuntchito.

Tinakwera Ethiopian Airlines, kampani imene inayamba kuuluka mu 1946 ndipo ili ndi magawo 49 pa 100 alionse mu Malawi Airlines. Business class yawo amaitcha Cloud Nine. Kusiyana kunayambira pabwalo la ndege la Kamuzu pomwe: mzere wathu unali waufupi, ndipo sutukesi iliyonse imaloledwa kufika makilogalamu 32, pamene ya economy imathera pa 23. Amayi anali atalongedza ufa woyera, mpunga wa Kilombero ndi zitenje za mdzukulu, choncho makilogalamu owonjezerawo anagwira ntchito yake.

Chigawo choyamba, kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Addis Ababa, ndi chamasana. Mipando inali yotakata, malo a miyendo okwanira. Chimene chinandisangalatsa ndi chakudya. Anabweretsa injera, chikondamoyo chopyapyala chowawasira chopangidwa ndi ufa wa teff, pamodzi ndi doro wat, nkhuku yophika ndi anyezi wambiri ndi tsabola. Amayi anayang'ana kaye mbale, kenako anaona bambo wina wa ku Ethiopia kutsidya kwa kanjira akunyema injera ndi dzanja n'kutapira ndiwo. Anaika foloko pambali. "Mwana wanga, awa amadya ngati ife," anatero, nadya mpaka kumaliza.

Addis Ababa ili pamwamba kwambiri, mamita oposa 2,300, ndiye madzulo kumazizira ndipo munthu wachikulire akayenda mofulumira mpweya umamuchepera. Nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi ola limodzi kuyerekeza ndi yathu. Pabwalo la Bole madzulo pamadzaza anthu, chifukwa ndege zochokera m'mizinda yambiri ya mu Africa zimatera nthawi yoyandikana kuti anthu akwere za ku Ulaya, ku Asia ndi ku America usiku womwewo. Apa ndi pamene chipinda chodikiramo cha Cloud Nine chinatithandiza. Amayi anapeza mpando wofewa, anakweza miyendo, ndipo anamwa tiyi wotentha mosathamangitsidwa. Ine ndinamwa khofi wakuda wa kwawoko, wonunkhira kuposa aliyense amene ndinalawapo.

Ndalama yathu yeniyeni inaoneka pa chigawo chachiwiri. Ndege ya ku London imanyamuka chapakati pa usiku n'kuuluka pafupifupi maola 8. Inali Airbus A350, mtundu umene Ethiopian inayamba kukhala nawo mu 2016, kampani ina iliyonse ya mu Africa isanakhale nawo. M'ndege imeneyi mpweya wa mkati umakhala ngati wa pamalo okwera mamita 1,800, pamene m'ndege zambiri zakale umafanana ndi wa pa mamita 2,400, ndipo suuma kwambiri. Zimenezi zimapindulira aliyense m'ndegemo, ngakhale wokhala kumbuyo kwenikweni. Chimene a kutsogolo amapeza paokha ndi mpando umene umatambasuka n'kukhala bedi.

Mtsikana wogwira ntchito m'ndege anagwada pambali pa amayi kuwaonetsa mabatani. Sankamvana chilankhulo, koma anawagwira dzanja n'kuliika pa batani loyenera, mpando n'kumatsika pang'onopang'ono. Anawafunditsa bulangete, n'kumanga lamba pamwamba pake kuti ndege ikayamba kugwedezeka asawadzutse. Ulemu umenewo unandikhudza mtima. "Amayi, mwagona bwino pamenepo?" ndinafunsa. Anangogwedeza mutu, ndipo posakhalitsa tulo tinawatenga. Chakudya cha usiku sanadye, ndipo sindinaone vuto.

Musaone ngati kugona chotambalala ndi nkhani ya matama. Munthu akakhala chopinda miyendo maola ambiri magazi amayenda pang'onopang'ono m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo kwa okalamba kapena odwala amatha kuundana, zimene ndi zoopsa. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kuimirira, kuyendayenda, kumwa madzi ndi kuvala masokosi othina othandiza magazi kuyenda. Amayi anavala masokosiwo ngakhale anali pabedi, ndipo atadzuka chakum'mawa ndinayenda nawo pang'ono m'kanjira. Titatera pa Terminal 2 ya Heathrow, nsapato zinalowa popanda kulimbana nazo. Kutsogolo kunali mzere wa a zolowa ndi kutuluka komanso msewu wautali wa ku Leeds, koma anali ndi mphamvu zake.

Kwa wachinyamata wathanzi amene akulipira za m'thumba mwake, ndinganene kuti ndalamayo aisunge. Mpando wa m'mbali mwa kanjira ndi botolo la madzi zimukwanira. Kwa makolo athu nkhani ndi ina. Ngati banja silingakwanitse ulendo wonse, funsani ogulitsa matikiti ngati angaike business class pa chigawo cha usiku chokha, popeza chamasana chija munthu amapirira. Pobwerera nakonso ndege imanyamuka ku London madzulo n'kufika ku Addis Ababa m'mawa, ndiye usiku umenewo ndi wofunika kuuganizira chimodzimodzi. Ndipo pogula tikiti ya kalasi iliyonse, pemphani njinga ya olumala ya pabwalo la ndege. Salipiritsa, ndipo ku Bole ndi ku Heathrow mtunda wochoka pandege kukafika potulukira ndi wautali kwambiri kwa munthu wa mawondo ngati a amayi.