Zilembo zandipusitsa ku Katoto

Ndangotuluka mu shopu ina ku Katoto, mpaka pano ndikuseka ndekha. Polowa ndinaona penti wachikasu ali balala pakhoma, pansi ndi pa masitepe, mumtima ndikuti wopentayu anali atalawa ndithu. Mnyamata wa pakhomo anangoti, "Achimwene, taimani apa." Nditaponda kadontho kamene ajambula pansi, zidutswa zonse zija zinalumikizana, mawu akuti TAKULANDIRANI n'kuima chilili ngati akulendewera m'malere. Kungosuntha phazi limodzi, aphwasukanso.

Nzeru yake ndi yomwe ija ya STOP wolembedwa pamsewu: zilembo amazitalikitsa dala kuti dalaivala, poonera chapatali, aziwerenge bwinobwino. Koma izi zokhotera mpaka pa masitepe zandimaliza ine! Ndabwerera pa kadonthoko kanayi konse, ndipo sopo amene ndinapitira ndamukumbukira ndili kale pa kabaza.