Sabata ya mlangizi wa ana pasukulu ya ku Illinois, ku America

Lolemba nkhani imabwera ndi mphunzitsi kapena dalaivala wa basi, mwini wake wotonzedwayo ali duu. Mwana wa banja lochokera ku Vietnam, China kapena Philippines anzake amukokera maso, kapena amutchula "corona" podyera. Timayamba ndi lipoti: tsiku, malo, amene analipo, ndi mawu enieniwo mmene anatulukira pakamwa. Mukangolemba kuti "ana anayambana", nkhani yafera pomwepo. Chipongwe chonyoza mtundu wa munthu chili pansi pa gawo lotchedwa Title VI la lamulo la ku America la 1964 loletsa tsankho, ndipo sukulu yolandira ndalama za boma iyenera kuchitapo kanthu.

Lachiwiri n'la makolo. Pakhale womasulira wachikulire, chifukwa mwana akamasulira yekha amabisa zowawazo poopa kudandaulitsa mayi ake. Makolo amafunsa chilango chimene mnzakeyo walandira, koma lamulo la FERPA, loteteza zinsinsi za ana a sukulu, silitilola kuulula. Tiwauze zomwe tasintha: malo okhala m'basi, mphunzitsi woyang'anira podyera.

Ntchito yeniyeni ili Lachitatu ndi Lachinayi. Msonkhano wa sukulu yonse muholo suthandiza kwenikweni. Maso onse amangotembenukira kwa ana atatu kapena anayi a ku Asia, iwo n'kuzolika. Timalowa kalasi imodziimodzi, mphindi 40, kuyeserera njira zisanu zothandizira mnzako akamatonzedwa, zochokera ku bungwe lolimbana ndi chipongwe la Right To Be: kusokoneza dala pofunsa wotonzedwayo za homuweki, kuitana wamkulu, kusunga umboni, kukamuona mnzako pambuyo pake, ndi kudzudzula wotonzayo ngati palibe choopsa. Ana amathamangira yomalizayi chifukwa imaoneka yachamuna, komatu ndi imene imabutsa ndewu. Ya umboni nayo imavuta: kanema akangofika pa TikTok, manyazi a mwana uja afalikira tauni yonse. Kanemayo apite kwa mwini nkhani kapena ku ofesi basi.

Lachisanu timakhala ndi aphunzitsi a mbiri. Illinois idakhazikitsa lamulo la TEAACH mu 2021, chaka chomwe anthu 8 adaphedwa ku Atlanta, 6 mwa iwo amayi a ku Asia. Lamuloli limafuna kuti mbiri ya anthu a ku America ochokera ku Asia iphunzitsidwe, monga lamulo la 1882 loletsa Matchaina ofuna ntchito kulowa m'dzikolo ndi kuphedwa kwa Vincent Chin, mnyamata wa mtundu wa Chitchaina, ku Detroit mu 1982. Aphunzitsi timawapempha kuti asaloze mwana wa ku Asia kuti ayankhire mtundu wake wonse.

Pakatha masabata awiri timamuitananso mwana uja payekha, poti kubwezerana kumayamba akulu akaiwala.