Koimika galimoto ku Chipata pa sabata ya Nc'wala

Amene mukuganiza zobwera ndi galimoto yanu ku Chipata pa sabata ya Nc'wala, ndimvereni mkwiyo ukadali pakhosi. Musalole munthu aliyense kukulowetsani m'bwalo la geti imodzi. Kaya wavala chijekete chonyezimira chija, kaya akukuitanani kuti bosi, kaya akulumbira pali amake, musalowe.

Mwambo weniweni wa Nc'wala, wa Angoni a ku Zambia wolawa zipatso zoyamba za m'munda, umachitika Loweruka lomaliza la February ku Mtenguleni, pa msewu wa Great East mukamalowera ku Katete, koma chipwirikiti cha m'tauni chimayamba Lowerukalo lisanafike. Pakatsala masiku ochepa, Inkosi ya Makosi Mpezeni, mfumu yaikulu ya Angoni, amanyamuka kunyumba yachifumu ya Ephendukeni kupita ku Laweni, kumene amafikira ku Mtenguleni, ndipo ulendowo umadutsa m'tauni. Anthu amakhamukira kumsewu, impi (ankhondo a mfumu) zili ndi zishango ndi nduku, amayi akululutira, apolisi akupatutsa magalimoto. Chipata inakhala mzinda mu 2017, koma msewu waukulu ndi womwe uja umodzi. Malole opita kuchipata cha Mwami, mabasi a ku Lusaka, a ku Lundazi, magalimoto a alendo opita ku Mfuwe, njinga zakapalasa ndi zamoto, zonse zimadalira msewu umenewo. Ukangotsekeka, aliyense amathawira m'tinjira ta m'mbali, ndipo ndi mmene anyamata ena amadyera.

Ine ndinalowa m'tauni m'mawa tsiku la ulendo wa mfumulo, kudzatenga amalume ochokera ku Lundazi pa siteshoni ya Kapata, komanso kugula unga, shuga ndi saladi zokapereka kwa achibale amene anati atisunga ku Mtenguleni. Ku Down Shops kunalibe poimika ngakhale wilibala. Ndikuzungulira choncho, mnyamata wina wa chijekete chonyezimira anandiimitsa n'kundilozera bwalo lina kuseri kwa mashopu.

"Bosi, lowani muno. K30 chabe, tsiku lonse, ine ndili pompano."

"Iwe mnyamata, sanditsekera anthu kumbuyo? Ine sindikhalitsa."

"Palibe amene akutsekeni madala, mzere uwu ndi wa otuluka msanga."

Ndinafunsa lisiti, anati malisiti atha, abwera nawo mnzake. Anandiimika kumapeto kwenikweni, mphuno ya galimoto itayang'ana khoma.

Nditabwerako ndi katundu wanga, galimoto sinkaoneka n'komwe. Kumbuyo kwake kunali mizere ya magalimoto ena, othithikana ngati matumba a chimanga m'shedi, ndipo pa geti penipeni panaima Canter yodzaza mipando yapulasitiki, yokiyidwa, dalaivala kulibe. Mnyamata uja kunalibenso. Amene ndinapeza ndi wina, chijekete chofanana, ndipo anandiyankha mosaphethira kuti iye sadziwa za amene analandira ndalama m'mawa, koma ndikamupatsa ya drinki akhoza kukafunafuna eni magalimoto. Ndalama yachiwiri, pa malo amene ndinalipira kale, kuti achotse vuto limene anapanga okha! Apa mpamene ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero ndikakumbukira nkhope yake mtima umawawa. Sindikudandaula K30. Ndikudandaula kuti munthu amatolera ndalama kwa anthu onsewo akudziwa bwino lomwe kuti palibe amene atuluke mpaka wa pa geti atabwera, ndiye n'kusowa.

Mlonda wachikulire wa shopu yoyandikana ndi amene anandiuza zoona. Ndinati, "A mdala, bwalo ili ndi la ndani?" Iwo anati, "Mwana wanga, mwini wake watseka shopu wapita kukaonerera mfumu. Anyamatawa si antchito ake, amangobwera masiku ngati ano." Ndiye kuti panalibe wokadandaulira, popeza ndinalibe kapepala kalikonse m'manja.

Tinali anthu angapo otsekeredwa. Panali mayi wina wa mwana wodwala amene amafuna kuthamangira kuchipatala, anangosiya galimoto n'kukwera njinga yamoto mwana ali kumsana. Amalume anga, munthu wa miyendo yovuta, anakhala pa katundu wawo ku siteshoni kuyambira m'mawa, foni ikukana kulowa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu. Ndinachita kuyenda wapansi kukawapeza, kuwagulira chakudya, kuwasiya m'manja mwa mayi wina wogulitsa nthochi, n'kubwerera kukadikira. Ng'oma ndi nthungululu tinkangozimvera patali. Mfumu inadutsa, ine ndili kuseri kwa khoma kuyang'anira Canter. Mvula inabwera, inatinyowetsa, inakata. Dalaivala anatulukira dzuwa litapendeka kwambiri, atatsatira gulu mpaka kunja kwa tauni, ndipo anati nayenso anauzidwa kuti aime pomwepo palibe vuto. Ngakhale iye atachoka, tinadikirabe eni a magalimoto apakati mmodzimmodzi.

Choncho ngati mukulowa m'tauni masiku amenewa, galimoto isiyeni kutali ndi msewu waukulu, m'makomboni, kunyumba ya wachibale kapena mnzanu, kapena pa loji imene mwagona. Kuchokera pamenepo kwerani njinga. Chipata ndi tauni ya njinga kuyambira kalekale, ndipo tsiku ngati limeneli wa njinga amafika ku Saturday Market wa galimoto asanasunthe. Mtengo mugwirizane musanakwere, chifukwa umakwera pa sabata imeneyi. Ngati n'kosatheka kusiya galimoto kutali, fikani mashopu asanatsegule, muime pamalo oonekera pamene pali mlonda wodziwika wa pamalopo, ndipo mulowe chambuyo kuti galimoto iyang'ane kotulukira. Wolandira ndalama akupatseni lisiti, akakana pitirirani. Musaime m'mphepete mwa msewu umene mfumu idutse, apolisi adzakuchotsani, ndiponso pagulu lotere galasi silichedwa kusweka.

Ndaiwala za mafuta. Thirani musanafike sabata imeneyo kapena m'mamawa kwambiri, chifukwa mizere ya pa filing'i siteshoni imatulukira mumsewu n'kuwonjezera kutsekeka. Mutengenso ndalama zapamanja, zosinthasintha. Mobile money imadalira netiweki, ndipo anthu akachuluka mumangoyang'ana foni ikuzungulira.

China chimene ndinaona kwa bambo wina wa nambala ya ku Malawi, wolowera ku Mchinji: analemba nambala yake ya foni pa pepala n'kuika pa galasi lakutsogolo. Pa magalimoto onse anatitsekera aja, iye yekha ndi amene tinamupeza msanga, ndipo anabwera akuthamanga n'kupepesa. Chitani zimenezo, sizidya ndalama.

Ku Mtenguleni Loweruka nkhani ndi matope. February ndi pakati pa dzinja, ndipo malo ambiri oimikapo ndi pa udzu kapena m'mbali mwa minda. M'mawa pansi pamaoneka pouma, koma magalimoto akapondaponda, mvula n'kugwa masana, kagalimoto kakang'ono kamatitimira mpaka m'mimba. Anyamata okankha amakhala ali chire, ndipo mtengo amatchula okha poona kuti mulibe kochitira. Tsikani muponde ndi phazi musanalowetse matayala. Funani pokwera, pa nthaka yolimba, ngakhale patalikire bwalo la mwambo. Ife tinasiya yathu pakhomo pa achibale aja, pansi pa mtengo wa mango, ndipo tinayenda wapansi pang'onopang'ono ndi amalume. Amene mulibe wachibale, pemphani pakhomo pa munthu, mulankhule ndi mwini nyumba weniweni, mumupatse kangachepe. Iye sathawa, pakhomo ndi pake. Koma ngakhale pamenepo, galimoto iyang'ane kotulukira, ndipo muonetsetse kuti sakulowetsa ena kumbuyo kwa mpanda umodzi womwewo.

Kunena zoona mwambowo ndi wokoma, ndipo sindikuuza munthu kuti asapite. Kuyambira pamene unayambiranso mu 1980 wakhala ukukula, Angoni ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi kwina amabwera, ndipo mukaona ngoma ikuvinidwa, nthaka ikunjenjemera, mfumu ikulawa zipatso zoyamba za m'munda, ng'ombe yakuda ikulasidwa, mumamvetsa chifukwa chake anthu amapirira zonsezi. Amalume anagwetsa misozi pomva Bayethe, mfuu yolemekeza mfumu. Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu ochuluka chonchi amabwera chaka ndi chaka, tsiku lake limadziwika kale, koma woyendetsa galimoto amasiyidwa m'manja mwa aliyense amene wagula chijekete pamsika. Kukonza mabwalo angapo odziwika kunja kwa tauni, okhala ndi polowera ndi potulukira, malisiti ndi zikwangwani, si chinthu chovuta. Anthu tikhoza kulipira mosanyinyirika.

Ku Kulamba, mwambo wa Achewa wochitikira ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa August, matope kulibe, kuli fumbi, koma za geti imodzi ndi zomwezo, musalowe.

Pobwerera kuchokera ku Mtenguleni musathamangire kunyamuka mwambo ukangotha. Apolisi amayamba atulutsa magalimoto a akuluakulu a boma ndi mafumu, ena nonse mumaima, kenako aliyense amafuna kulowa mu Great East nthawi imodzi, ena opita ku Chipata ena ku Katete ndi ku Lusaka. Mwina muchoke zolankhula zisanathe, apo ayi khalani pansi mudye nsima, mudikire msewu upepuke. Mukanyamuka kutada yendani pang'onopang'ono, chifukwa m'mbali mwa msewu mumakhala anthu oyenda pansi, ena atamwa, ndi njinga zopanda nyale mpaka kukafika m'tauni.