Tsiku limene ndinagwira ulonda ku Kasungu

Malume atasamukira m'nyumba za mumpanda pa boma la Kasungu, mayi anandituma kuti ndikawaone. Ndinanyamuka ku Santhe m'mamawa, tambala m'khwapa, mtedza m'jumbo. Wakabaza ananditula pa geti lachitsulo lalitali ngati la pandende.

Kazenera ka pagetipo kanatseguka, ndipo munatuluka maso ndi ndevu basi.

"Mukufuna ndani, achimwene?"

"Malume anga, a Phiri."

"A Phiri ake ati? Muno muli a Phiri anayi. Wachisanu ndine."

Apa ndiye ndinazindikira kuti chibadwire dzina lenileni la malume sindilidziwa. Mwana wolereka angafunse malume ake dzina? Nambala ya nyumba sindinkaidziwanso, foni nayo inali itathima chifukwa kwathu magetsi anazima dzulo lake. Ndinayesa kufotokoza kuti ndi onenepa, a dazi. Mlonda uja anati a Phiri atatu mwa anayiwo ndi otero.

Anatuluka ndi bukhu lalikulu la alendo, natenga chiphaso changa cha unzika n'kumachiyang'ana ngati ndalama yachinyengo. Analemba dzina, nthawi, komwe ndachokera. Pa "katundu" analemba kuti "tambala mmodzi, wofiira". Ntchito amaidziwa bambo aja, pamenepo ndisawanamizire.

Ndikusayina, luzi la kumiyendo linamasuka. Tambala uja phuruu, kenako psiti pansi pa geti, ulendo wa ku maluwa.

"Mayo ine, maluwa a adona!" anakuwa mlonda. Anandiponyera bukhu ndi makiyi. "Gwirani, koma musalowe!"

Ndinaima pamenepo ndikumva kokoliko ndi mapazi a nsapato za jombo zikuzungulira nyumba. Posakhalitsa galimoto yoyera inafika n'kuyamba kuliza hutala. Pipi, pipiii! Ndikanatani? Ndinatsegula geti, ndipo sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, ndinamenya ndi sawasha yemwe.

Galasi linatsika. Malume! Foni kukhutu, maso kutsogolo. Anatulutsa dzanja n'kundipatsa K500.

"Ukagule kachakumwa, mnyamata. Mawa uzitsegula msanga."

Basi galimoto inalowa.

Mlonda anabwera ali wefuwefu, nthenga pa yunifomu, tambala atamugwira miyendo chadodolido.

"Mwatsegulira ndani?"

"A Phiri anga aja."

Anayang'ana galimoto, nayang'ana ine, nayang'ana K500 ili m'manja mwanga.

"Chabwino. Ndiye tiyeni tiwaimbire, timve ngati akukudziwani."