Ndasiya kulimbana ndi std::list

Masabata awiri athunthu ndakhala ndikukangana ndi compiler, pulogalamu yomasulira zimene ndalemba kuti kompyuta izimve. Ndikalemba mndandanda[3] kuti nditenge chinthu chachinayi (kuwerenga kumayambira pa 0) pa std::list, mtundu wa mndandanda m'chilankhulo cha C++, iyo n'kumandikanira kuti operator[], njira yotengera chinthu ndi nambala yake, kulibe. Ndinkangoti mwina pali chimene ndaiwala kuika pamwamba pa fayilo.

Dzulo usiku m'pamene zinandilowa. Ndinatenga pepala n'kujambula timabokosi tinayi, kalikonse ndi kamuvi koloza kanzake. Pofuna kachinayi, ndinangoona chala changa chayambira pa koyamba, chikutsata mivi kamodzikamodzi. Ohoo! Kani list siidziwa komwe chinthu chachinayi chili. Node iliyonse, ndiye kuti kabokosi kalikonse, imangodziwa oyandikana nayo, basi. Mu vector, mtundu wina wa mndandanda mu C++, zinthu zimagundizana mu memory, ndiye kompyuta imangochulukitsa index (nambala ya malo a chinthucho) ndi kukula kwa chinthu chimodzi, n'kuphatikiza adiresi yoyambira, yafika kale. Koma ma node a list ali balalabalala. Palibe masamu amene angakudumphitse, uyenera kuyenda ndithu. N'chifukwa chake front() ndi back(), zotengera chinthu choyamba ndi chomaliza, zimabwera pompopompo, pomwe zapakati mpaka utenge iterator, yomwe ili ngati chala cholozera malo mu list, uikankhe ndi std::advance kapena std::next.

Kenako ndinakumbukira zimene ndinkachita m'chilankhulo cha Java, manyazi anandigwira. LinkedList ya kumeneko ili ndi get(i) yotengera chinthu ndi nambala yake, ine ndinkaiponya mu for loop, yobwereza lamulo pa chinthu chilichonse, mtima uli m'malo, osadziwa kuti ulendo uliwonse ikuyambiranso kuyenda kuchokera kunsonga imene ili pafupi. Pa zinthu 10,000, amenewo ndi masitepe pafupifupi 25 miliyoni, pa ntchito yoti iterator ikanaimaliza ndi 10,000 okha.

Pano palibe angandichotse pa pepala ndi pensulo. Kaya ndi tree, kaya recursion, ndizijambula basi, ndipo ndikuona ngati mavidiyo onse ophunzitsa amene ndinkaonera aja ndinkangotaya nawo nthawi. Aphunzitsi athu anangolemba O(n) pa bolodi (kutanthauza kuti masitepe amachuluka molingana ndi kuchuluka kwa zinthu), n'kufunsa ngati tamva, tonse n'kugwedeza mitu, iwo ulendo ku mutu wina. Akanangojambula bokosi limodzi lokha! Chabwino, nawonso silabasi ikuwathamangitsa, mayeso ali pakhomo, koma masabata anga awiri apita.

Chimene chikundizunguzabe mutu ndi ichi. Amati ubwino wa list ndi kulowetsa chinthu pakati mwa O(1), ndiye kuti masitepe ake sachuluka ngakhale zinthu zichuluke. Nanga si uyenera kuyenda kaye kuti ufike pakatipo? Ndiye phindu lili pati, poti vector imagwirizananso bwino ndi cache, memory yaing'ono yachangu ya kompyuta? Mwina n'pamene iterator uli nayo kale m'manja, kapena pa splice, yosamutsira ma node kuchoka pena kupita pena. Kaya. Ndiyesa kuzijambulanso mawa ndione.