Lachitatu pa msewu wa ku Katse, m'mapiri a Lesotho

Tanyamuka ku Hlotse kusanache bwino, thanki ili yodzaza, chifukwa kukafika ku damu la Katse ndi makilomita pafupifupi 120 ndipo mafuta a m'mapiri ndi osadalirika. Msewu wonse ndi watara. Anaukonza kuti malole azikafika komangidwa damulo. Komabe ikani maola atatu, osati awiri.

Chifukwa chake chaoneka titangodutsa Pitseng. Msewu umakwera mokhotakhota mpaka pa Mafika Lisiu, mamita 3,090 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje yomwe ili pa 3,002. Pamwamba chonchi mpweya ndi wochepa, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu yoposa gawo limodzi mwa magawo anayi. Galimoto ikafooka musaganize kuti yawonongeka. Bwezani giya, muziyang'ana geji ya kutentha.

Choopsa chenicheni ndi potsika. Cha m'ma 9 koloko tapeza galimoto itaima pa kona, matayala akutsogolo akununkha chopsereza. Woyendetsa anatsika phiri phazi lili pa buleki. Zikatero mapadi amatentha n'kusiya kugwira, ndipo ngati mafuta a mabuleki ndi akale, chinyezi chomwe anamwa chimawira, pedo n'kumangolowa pansi popanda kanthu. Njira yake ndi giya 2, pena giya 1, injini izigwira yokha galimoto, buleki muzingoiponda pang'ono n'kuisiya. Mukamva fungo imani, ikani mwala kutayala, dikirani theka la ola. Musathire madzi pa madisiki otentha, amapindika.

Madzi tawaona koyamba ku Ha Lejone. Nyanja ya Katse ndi yopyapyala, yopindapinda, chifukwa ndi chigwa cha mtsinje wa Malibamat'so chimene chinamizidwa. Ikadzaza, madzi amakhala pa mamita 2,053 kuchokera pa nyanja yamchere. Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya konkireti yotuluka m'madzi, ndipo ambiri amaidutsa osadziwa kuti ntchito yonse yagona pamenepo. Madzi amalowera m'nsanjayo, n'kuyenda makilomita 45 pansi pa mapiri kukafika ku 'Muela komwe amapukusa makina a magetsi a mphamvu ya mamegawati 72, kenako n'kupitirira kukatulukira mu mtsinje wa Ash pafupi ndi Clarens ku South Africa, ulendo wa ku damu la Vaal. Abale athu okhala ku Joni, madzi a pa mpopi wanu ena amachokera kuno. Pangano la maiko awiriwa lokhudza madziwa linasainidwa mu 1986.

Masana tafika pa khoma la damu. Ndi lalitali mamita 185 kupita m'mwamba, m'litali mamita 710, lokhota ngati uta kuti mphamvu ya madzi izikankhira m'matanthwe a mbali zonse ziwiri. Linatha mu 1996. Kulowa m'kati mwake kumafuna woperekeza wa bungwe la LHDA loyang'anira damuli, ndipo amatenga anthu pa nthawi zoikika, choncho funsani nthawi musananyamuke. M'timakwalala ta m'khomamo mumazizira ndiponso mumadontha madzi. Kudonthako kusakuopseni: pali ngalande zotulutsa madziwo dala, ndi zipangizo zoyeza mmene khoma likusunthira. Koma nkhani ya damuli si yongokongola ayi. Midzi inataya minda ndi msipu, ndipo nyanja itayamba kudzaza, kulemera kwa madzi kunabweretsa zivomezi zomwe zinang'amba nyumba ku Ha Mapeleng. Mlendo ayenera kuzidziwa zimenezi asanayambe kujambula.

Wozolowera nyanja yachilengedwe asayembekezere mchenga kuno. Nyanja yachilengedwe imakhala ndi gombe lomwe mafunde analisalaza kwa zaka zosawerengeka. Ya damu ilibe. Phiri limangolowa m'madzi chomwecho, ndipo madzi akaphwerako amasiya lamba wa miyala ndi dothi loterera. Mapazi awiri okha mwafika pakuya. Madziwo ndi ozizira kwambiri, n'chifukwa chake amawetamo nsomba za trout m'makhola oyandama, ndipo kuzizira kotero kumabanikitsa munthu n'kuumitsa manja ngakhale ali katswiri wosambira. Ana asatsikire okha. Mukakwera boti, jekete yoyandamitsa muvale musanalowe.

Dziko lino nyanja zachilengedwe n'zosowa, poti mitsinje imathamanga m'zigwa zakuya. Yodziwika ndi Letšeng-la-Letsie ku Quthing, ngakhale nayonso inakulitsidwa ndi damu, dambo la pamwamba pa mapiri lomwe linalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, mu 2004. Ndi kutali ndi kuno, kumafuna ulendo wakewake.

Tamaliza ndi munda wa zomera wa Katse, komwe anasungako zomera zopulumutsidwa m'chigwa madzi asanafike. Aloe wa masamba ozungulirazungulira, duwa la dziko la Lesotho, ndi wotetezedwa. Wina akakugulitsani m'mbali mwa msewu, kanani.

Ophika okha adziwe kuti pa mamita 2,000 madzi amawira pa madigiri 93, ndiye nyemba zimachedwa kupsa ndipo gasi amatha msanga. Randi imayenda limodzi ndi loti pa mtengo wofanana, koma tengani ndalama m'manja. Tabwerera 3 koloko isanakwane, chifukwa madzulo nkhosa ndi abusa ofunda mabulangete amadzaza msewu, chifunga n'kutseka pa Mafika Lisiu. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti pamagwa chipale ndipo msewu umatha kutsekedwa, choncho miyezi imeneyo funsani za nyengo muli ku Hlotse.