Mlimi wa mtedza amene anasiya nsinjiro

Ndimakhala kufupi ndi Kamwendo, ndipo chibadwire changa ndine mlimi wa mtedza. Kale tinkadzala Chalimbana, pano CG7. Ndiye mutha kuona mmene zinandikhalira tsiku limene adokotala anandiwerengera zakudya zoti ndichepetse, mtedza n'kukhala woyamba kutchulidwa. Ndinaseka, ndimati ndi nthabwala. Munthu wa ku Mchinji kumuletsa nkhwani wotendera?

Impso zanga zinaonongeka ndi BP imene ndinkaitenga mwachibwana. Mankhwala ndinkamwa mutu ukamawawa basi. Pano ndimakwera minibasi kawiri pa sabata kupita ku Lilongwe, ku Kamuzu Central, kukagona pa makina a dialysis pafupifupi maola 4 kuti andisefere magazi. Masiku ena onsewo palibe chosefa. Chimene ndadya Lachiwiri madzulo chimakhala chikuzungulira m'magazimo mpaka ndibwererenso.

Chimene chinandisokoneza mutu n'chakuti zakudya zimene tinkaphunzitsa ana kuti n'zopatsa thanzi, zambiri kwa ine zinatembenuka. Nthochi, mapeyala, mbatata ya kachewere, tomato wambiri, zonsezi zili ndi potaziyamu wochuluka. Impso zabwino zimamutaya mu mkodzo. Zanga sizitha, ndipo akadutsa mlingo wa 6 m'magazi mtima umatha kungoima munthu ali chikhalire. Mtedza, nyemba, mkaka, usipa wodya ndi minga yomwe ndi zakumwa zakuda za kola zili ndi fosifolasi, amene amayabwitsa thupi usiku wonse ndi kufewetsa mafupa. Ngakhale mgaiwa umene ndinkaunyadira, anandiuza kuti ufa woyera ndiye wabwinoko kwa ine.

Koma chimene chinatsala pang'ono kundipweteka sichinali pa pepala limene anandipatsa. Ndi chidulo. Apongozi anga ndi akatswiri a therere, ndipo sodayo amamunyoza, amati ndi wa aulesi. Amatentha zitsononkho, n'kutcheza phulusalo. Ndinadya masiku atatu otsatizana, miyendo n'kuyamba kulemera, zala kuchita dzanzi. Anamwino ataona zotsatira za magazi anandifunsa bwinobwino chilichonse chimene chinalowa m'kamwa. Nditatchula chidulo anagwira pakamwa. Madzi a phulusa ali ndi potaziyamu wochuluka kwambiri. Sodayonso si wothawirako, chifukwa ndi m'bale wake wa mchere.

Kukawauza apongozi kunali kovuta kuposa ulendo wa ku Lilongwe. Anangoti, "Ndiye mukuti ndimafuna kukuphani, bambo?" Anatha sabata osaponda pakhomo. Anabwera okha pambuyo pake atanyamula mazira 6 m'kambale, osanena kanthu.

Mazirawo ndi amene akundisunga. Munthu wa pa makina amafunika zomanga thupi zokwanira, apo ayi amangotha ngati kandulo. Ndimadya choyera cha dzira, nkhuku yachikuda tikaipeza, nsomba yaiwisi yochotsa minga. Mayi a kunyumba anaphunzira kaphikidwe kena. Masamba amawawiritsa m'madzi ambiri, n'kutaya madziwo, kenako n'kukazinga ndi anyezi. Agogo awo akanaona akanati akutaya ndiwo, ndipo sakanama, kungoti chimene chikutayidwacho ndi chimene chingandiphe. Kachewere amamuduladula tizidutswa, kumuviika, kumuwiritsa, madzi n'kutayanso. Kabichi ndiye wasanduka mnzanga. Mchere sayika mumphika mwanga, timakyubu tokometsera ndiwo anasiya kugula. Adyo ndi madzi a ndimu pang'ono zimathandiza, ngakhale sindinganame kuti zimafika pa mchere. Mnzanga wina anandibweretsera mchere wa m'sitolo wolembedwa kuti ndi wa odwala BP, anamwino anati ndisaukhudze, m'malo mwa mchere weniweni amaikamo potaziyamu yemwe uja.

Ludzu ndilo sindinalizolowere. Amandilola theka la lita kuwonjezera pa mkodzo umene ndataya tsikulo, ndipo mkodzowo ndi wochepa. Phala, tiyi, msuzi, zonse zimawerengedwa momwemo. Mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo ndimangochukucha m'kamwa n'kulavula. Pamaliro anthu akamapatsirana thobwa ndimalandira chikho, chifukwa kukana n'kunyoza anamfedwa, ndimanyowetsa milomo n'kupatsira wa pambali. Ena amanong'ona kuti ndayamba kudzimva. Enanso amabwera ndi mizu m'mabotolo kuti itsuka impso. Ndimathokoza, akachoka ndimakathira kudzala. Brufen amene ndinkagula pagolosale msana ukawawa ndinasiyanso.

Mlingo wangawu ndi wanga, umachokera pa magazi anga amene amayeza. Amene timagona naye moyandikana pa makina amaloledwa tomato kuposa ine, ndipo amandinyaditsa.

Mtedza ndikulimabe, ndi umene ukulipira minibasi. Chaka chino titakumba ndinakhala pamkeka kuthandiza kuthothola ndi adzukulu. Kamodzi ndinaswa kachikoko, njere ziwiri zofiira. Ndinadya imodzi, inayo ndinapatsa mdzukulu wanga.